Shuga wa Chinkhoswe

Pa chinkhoswe cha mwana wa alamu anga anthu anamwa thobwa losatsekemera. Mkulu wina wa kuchimuna anaimirira n'kuyamikira banja lathu kuti ndi lozindikira, likudziwa kuti matenda a shuga afala masiku ano, ndipo anthu anaomba m'manja. Mayi a kunyumba kwanga anaomba nawo, koma maso awo anali pa ine. Zoona zake n'zakuti shuga analipo, belo lathunthu la mapaketi 20, ndipo wolisunga ndinali ine.

Inali nthawi ija shuga ankasowa m'magolosale, ukangomva kuti wafika penapake umasiya chilichonse n'kukaima pamzere. Azimayi a kumtundu kwa akazanga anasonkherana, mmodzi n'kupeza belo m'tauni kudzera mwa mnzake wa mnzake, ndipo anagwirizana kuti likhale kwathu ku Kawale poti tili ndi kachipinda kokiya. Kenaka mayi ananyamuka ulendo wa ku Dedza kukakonza chimera ndi ufa wa thobwa kwa amayi awo. Potsanzika anangoti, "Bambo, kachipindako musamatsekuletsekule." Ndinawayankha kuti ine ndine mphunzitsi, ndimasunga kalasi yodzadza mpaka pakhomo, belo la shuga losayenda n'chiyani.

Unali mwezi wa October, kutentha kuja kumene malata amayamba kuthetheka dzuwa lisanakwere. M'mawa wina ndikupita kukatereka madzi a tiyi ndinaona mzere. Unachokera pa mng'alu wa pakhonde, n'kukwera sitepe, n'kudutsa kunsi kwa chitseko cha kukhitchini, n'kutsata khoma mpaka kukalowa m'kachipinda muja. Tinali tinyerere tofiirira, totalika mwina mamilimita awiri. Tina tinkapita, tina tinkabwerera, tikakumana n'kugundanitsa tinyanga pang'ono, n'kupitirira. Apo ndi apo pankadutsa ina yokulirapo, ya chimutu chosagwirizana ndi thupi lake, ikuyenda mosapupuluma.

Ndinadutsitsa chala pakati pa mzerewo, ndipo pomwepo panabuka chisokonezo. Zakutsogolo zinaima, zina n'kubwerera, zina n'kuyamba kuzungulirazungulira. Ndinamwetulira. Chimene ndinali nditafufuta ndi kafungo. Nyerere ikapeza chakudya, pobwerera kuuna imakhudzitsa nsonga ya mimba yake pansi n'kumasiya kafungo kamene anzake amakamva ndi tinyanga tawo. Iliyonse yobwerako ndi katundu imawonjezera kake, motero njira yopita kumene kuli chakudya chambiri imanka nilimba, pamene yopita kumene chatha imazirala yokha poti kafungoko kamauluka. Palibe kapitawo pamenepo, palibe woimba wezulo. Ndisanamalize kapu ya tiyi, ina yolimba mtima inali itaoloka pamene ndinafufuta paja, anzake n'kuitsatira, msewu n'kutsekulidwanso.

Ku Kawale vuto silikhala la munthu mmodzi. Ndinangolitchula pampopi, madzulo ake ndinali ndi malangizo okwanira buku. Phulusa ndinathira, mzere unalambalala n'kukalumikizana kutsogolo. Parafini ndinawaza pansi m'kachipinda monse, osaganiza kuti thumba la ufa lili momwemo, ndipo usiku umenewo mwana wanga wamng'ono anatema nsima, n'kuinunkhiza, n'kufunsa ngati ndaphikira pa nyali. Kenaka ndinagula kumsika choko chija amati chimapha mphemvu ndi nyerere. Ndinalemba mizere pakhomo, pazenera, kuzungulira miyendo ya tebulo, mpaka akazi awo a alandilodi anandiitanira pambali n'kundifunsa monong'ona ngati ndabwera ndi sing'anga kudzatsirika nyumba, ndipo ngati ndi choncho ndikuganizira ndani pa pulotipo. Nyerere zinasiya pansi. Zinakwera khoma la kuseri, n'kutsata paipi ya waya wa magetsi, n'kutsikira m'kachipinda kuchokera kudenga.

Apa m'pamene ndinakagula mankhwala opopera a m'chitini. Ndinapopera mpaka chitini kupepuka, ine kutsokomola, ana kuthawira panja. Zinafa zambirimbiri, ndipo ndivomere kuti ndinamva kukoma. Zina ndinasesa, zina ndinazisiya dala pakona kuti zikhale chenjezo kwa anzawo. Koma mulu wa pakonawo unayamba kuchepa wokha. Anzawo ankabwera kudzanyamula mitembo umodziumodzi, mwadongosolo lake. Nyerere sizilola wakufa kukhala panjira kapena m'mudzi mwawo. Katswiri wina wa ku America, Edward O. Wilson, anaonetsa mu 1958 kuti chimene chimaziuza kuti mnzawo wafa ndi fungo la mafuta ena otchedwa oleic acid, amene amatuluka thupi likayamba kuola. Atapaka mafutawo nyerere yamoyo, anzake anainyamula ikuphupha n'kukaiponya kudzala, ndipo ikabwerera ankainyamulanso mpaka itadzipukuta bwinobwino. Chenjezo langa linangosanduka ganyu yosesa.

Ndipo mzere unabweranso, wonenepa monga kale. Panthawiyo sindinkadziwa kuti zimene timaziona panja ndi kagawo kochepa chabe ka mudzi wonse, komanso kuti pa mitundu yambiri ya nyerere zongobadwa kumene zimagwira ntchito ya mkati, kulera mphutsi ndi kusamalira manthu, pamene ntchito yoopsa yotuluka kunja imagwera zokalamba, zimene masiku awo atsala ochepa kale. Ndalama ya chitini ija ndinaiwonongera kupha nkhalamba, uku pansi pa nthaka mazira akuikiridwa usana ndi usiku.

Kenaka ndinachita chimene anandiletsa. Ndinakhala pansi m'kachipinda n'kuyang'anitsitsa belo lija. Nyerere zinkayenda pamwamba pa pulasitiki yake, kukwera mbali iyi n'kutsikira mbali inayo, kukhoma. Munthu wodekha akadatsatira kuti zikatsika zikupita kuti. Ine ndinatenga lezala. Ndinang'amba paketi yoyamba, mulibe nyerere. Yachiwiri, mulibe. Ndinadziuza kuti zochenjera zimabisala m'mapaketi a pansi, ndipo pamene ndinkafika pa yomaliza, shuga yense anali m'mabeseni awiri a mayi, woyera mbee, wopanda ngakhale kanyerere kamodzi. Ndinaima n'kumamuyang'ana. Mapepala ake anali ng'ambeng'ambe, osabwezerekanso.

Tsopano nyerere zinamupeza. Ndinaika mabeseni patebulo, miyendo ya tebulo n'kuiimika m'zitini za madzi, monga ankachitira agogo anga ndi kabati yawo. Njirayi imagwiradi ntchito, bola pasakhale chokhudza tebulolo. Mwana wanga wamkulu atamaliza kusesa anatsamiritsa tsache pomwepo. Kutacha, shuga ankayenda.

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa chochita shuga akalowa nyerere: umamuyanika padzuwa, zimathawa zokha. Loweruka ndinayala lona pakhonde pamene dzuwa limamenya kwambiri, n'kumwaza shuga yense mopyapyala bwino. Zinayambadi kutuluka. Nditaona kuti nkhondo yatha, ndinauza wamng'ono uja kuti azithamangitsa nkhuku, ine n'kupita kukaonera mpira pa kanema kuseri kwa msika. Kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, ndinamva kamphepo kozizira kakulowa pakhomo, kenaka kafungo ka dothi, kenaka pamalata phokoso loti anthu anasiya kumva wolengeza. Chizimalupsa sichitumiza kalata.

Ndinathamanga, nsapato kumanja. Ndinapeza mwana waima pakhomo, atakumbatira mulu wa zovala, nkhope ikuwala ndi kunyada. Mayi ake anamuphunzitsa kuti mvula ikayamba, choyamba ndi kuanula zovala, ndipo sanasiye ndi sokosi yomwe. Pakhonde lona anali atasanduka dziwe. Madzi otsika padenga ankagwera pakati penipeni, n'kumasefukira m'mbali, n'kumalowa m'ming'alu ya simenti, m'mauna momwe mwa adani anga. Ndinapulumutsa ndowa imodzi ya manyuchi ofiirira osakanikirana ndi fumbi la padenga ndi manyi a mbalame.

Akatswiri ena mu 2022 anawerengetsa kuti pa munthu mmodzi aliyense padziko lapansi pali nyerere pafupifupi 2.5 miliyoni. Zanga zinabwera zonse m'mawa mwake, zinatengananso ndi za alandilodi. Khonde silinkaoneka simenti. Njuchi nazo zinamva, zinabwera. Ana a pa pulotipo ankadutsa mapazi akumata, agalu akunyambita sitepe. M'mphepete mwa mng'alu uliwonse munali timilu ta dothi lofewa limene nyerere zinatulutsa usiku pokuza zipinda zawo.

Timilu timeneto ndi timene tinandipatsa nzeru yomaliza. Ndinakumbukira kwathu kumudzi, chiswe chikavuta pakhomo, amuna ankakumba chulu mpaka atapeza manthu, chinthu chonenepa choyera chija, ndipo akachichotsa chulu chinkafa. Ndinaganiza kuti nyerere ndi chimodzimodzi. Alandilodi anali kutchalitchi ndi banja lonse. Ndinakabwereka piki kwa mmisiri wa kuseri kwathu.

Simenti ya khonde la nyumba za lendi si yolimba, ndipo zimenezi zinandilimbikitsa. Nditatembenuza chibenthu choyamba ndinaona mudzi weniweni: tinjira tolukanalukana m'dothi lonyowa, tizipinda todzadza ndi timazira ndi mphutsi zoyera, ndi nyerere zosawerengeka. Sizinataye nthawi kulimbana nane. Iliyonse inaluma kamphutsi kapena kadzira n'kuthawa nako, zina kumpanda, zina kulowera kunsi kwa maziko a nyumba, zina cha ku khitchini ya alandilodi. Za mitu ikuluikulu zinakwera miyendo yanga n'kumaluma, koma kuluma kwake n'kongoyabwa. Ndinapitiriza kuswa. Pa chibenthu china ndinamuona: wamkulu kuposa onse, woderapo, wa chifuwa chotukuka, wopanda mapiko, atazunguliridwa ndi tating'ono tikumukankhira kumdima. Ndinamutola ndi kamtengo n'kumutsekera m'bokosi la machesi.

Pamene alandilodi ankalowa pageti, Baibulo kukhwapa, anandipeza nditakhala pa mulu wa zibenthu, thukuta lili kamukamu, ndikuonetsa ana bokosilo.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, bambo, kaya inu."

"Ife taswera. Khondeli ndi limene sindikudziwa ngati laswera."

Ndinawatsekulira bokosi kuti aone manthu. Anayang'anamo nthawi yaitali, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti tikambirana akavula jekete.

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira zaulimi ku Bunda, ndipo madzulo a tsikulo anadzera kwathu pobwerera kusukulu. Ndinamupatsa bokosi lija ndi manja awiri. Anatsekula, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Ndi manthu ndithu, amalume. Mwachita bwino. Nanga enawo ali kuti?"

"Enanso ati?"

Sanandiyankhe. Anagwada n'kutembenuza chibenthu chimene ndinali ndisanachikhudze, n'kuloza ndi kaudzu. Analipo wina. Anapita pampopi n'kunyamula njerwa imene timaikapo ndowa: wina, ndi mnzake pambali. Pansi pa mwala wa patsinde pa mandimu, enanso. Anandiuza kuti chulu cha chiswe nthawi zambiri chimadalira manthu mmodzi ndi mwamuna wake, n'chifukwa chake njira ya kumudzi ija imatheka, koma nyerere za mtundu uwu zimakhala ndi amanthu ambirimbiri m'mudzi umodzi, ndipo sachitirana nsanje. Mudzi ukakula, kapena wina akausokoneza ndi piki, manthu mmodzi amangonyamuka wapansi ndi gulu la antchito atanyamula mphutsi, n'kukayamba pena, mamita ochepa chabe kuchokera pakale. Sanandiyang'ane ponena za pikiyo, mwana wa ulemu.

Kenaka anachita chinthu chimene chinandifoola nkhongono kuposa zonse. Anatola nyerere imodzi pakhonde pathu, n'kuyenda nayo mpaka kuseri kwa mpanda, pa mzere wa kubafa kwa aneba, n'kuiika pakati. Nyerere zimazindikirana ndi fungo la pakhungu, ndipo pa mitundu yambiri mlendo wotere amagwidwa miyendo n'kukhadzulidwa pomwepo. Iyi anaigunda ndi tinyanga kamodzi, n'kulowa pamzere ngati kwawo. Mauna onse a pa puloti yathu, a kwa aneba, mwina mpaka kumsewu, anali mudzi umodzi wa makomo ambiri. Ine ndinali nditagumula khomo limodzi.

Dzina lake m'mabuku ndi Pheidole megacephala. Anaitchula choncho Fabricius mu 1793, poona zimene zinatoledwa pa chilumba cha Mauritius. Akatswiri ambiri amati kwawo ndi mbali yathu ino ya dziko, koma zombo zinaifalitsa m'maiko otentha pafupifupi onse, m'dothi la mbande ndi m'katundu, ndipo lero ili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikafika kumalo achilendo. Za mitu ikuluikulu zija, zimene ine masiku onsewa ndinkazitcha madoda, zimatalika mamilimita atatu kapena anayi, ndipo chimutucho si ubongo ayi, ndi minofu yoyendetsa nsagwada zoswera njere ndi kudulira nyama yolimba. Ndipo si madoda. Antchito onse, aang'ono ndi a mitu omwe, ndi aakazi osabereka. Amuna amabadwa pa nyengo yake, kuchokera m'mazira osakhudzidwa ndi umuna, sagwira ntchito iliyonse, akakwera manthu amafa. Mwanayo ananena zimenezi akuyang'ana khonde, ndipo sindinafune kudziwa zimene ankaganiza.

Anandikokera pa mtengo wa mandimu, umene kwa nthawi yaitali masamba ake akhala akuda bii ndi mwaye, ine n'kumanamizira utsi wa mbaula. Anatembenuza tsamba. Kunsi kwake kunali nsabwe za zomera ndi tizilombo tina toyera taufaufa, abale ake a kodikodi wa chinangwa, ndipo pakati pawo nyerere zikuyendayenda. Tizilombo timeneti timayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa timadontho totsekemera, nyerere n'kumamwa. Pobwezera, nyerere zimathamangitsa adani onse a tizilomboto, ngakhale kutinyamula kupita nato pa nsonga yanthete. Timadontho totsalira pamasamba ndi timene timamera nkhungu yakuda ija. Zinali ndi khola la ng'ombe zamkaka pakhomo panga, ine wolipira lendi osadziwa.

Poona kuti ndakhumata, anandisimbira za ku Kenya, mwina kuti ndione kuti si ine ndekha. Ku Ol Pejeta, m'chigawo cha Laikipia, kuli mitengo yaminga imene imasunga nyerere zakezake m'timatumba ta patsinde pa minga. Njovu ikati ithyole nthambi, nyererezo zimailowa m'chitamba n'kuiluma mpaka kuleka. Kenaka kunafika za mitu ikuluikuluzi. Zinapha eni mitengo aja n'kudya mphutsi zawo, koma zokha sizilabadira zoteteza mtengo. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya Science mu 2024 anapeza kuti kumene zafika, njovu zimaswa mitengo mowirikiza kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa kumene sizinafike. Tchire litayera, mikango inasowa pobisala ikamazembera mbidzi. Pakati pa 2003 ndi 2020, gawo la mbidzi pa nyama zimene mikango inkapha linatsika kuchoka pa 67 kufika pa 42 pa 100 iliyonse, ndipo njati, zimene kale sinkazigwira n'komwe, zinafika pa 42. Kanyerere ka mamilimita awiri kanasintha ndiwo za mkango. Zinanditonthoza pang'ono ndithu. Ndinaganiza zokawasimbira alandilodi, koma anali atavula kale jekete ndipo ankayeza khonde ndi chingwe.

Si kuti n'zoipa paliponse, anatero mwana wa mlongo wanga uja. Ku Cuba alimi amachita kuzisamutsa dala, kuzikopera m'masamba a nthochi okulungiza n'kukaziika m'munda wa mbatata, chifukwa zimadya mazira ndi mphutsi za nankafumbwe wa mbatata. Ndi alenje oopsa. Atanena zimenezi anaima kaye, n'kundiyang'ana.

"Koma amalume, chinthu chimodzi chikundizunguza. Izi shuga sizimukana, koma chimene zimafera ndi cha mafuta. Nyama, mtedza, tizilombo takufa. Paketi yomata bwino sizingaisonkhanire chonchi. Mzere woyamba uja unkathera pa shuga penipeni?"

Ndinamufunsa ngati mayeso ayandikira.

Asanakwere minibasi anandisiyira njira. Anati mdani amene sungamufikire umamutumizira chakudya. Nyerere yaikulu simeza zolimba. Pakamwa pake pali kasefa kongolola zamadzimadzi. Zimenezo imasunga m'kathumba kapadera kamene kali patsogolo pa mimba yake yeniyeni, ikafika kuuna n'kumabzikula pang'onopang'ono m'kamwa mwa anzake, mwa mphutsi ndi mwa manthu. Zolimba zimaperekedwa kwa mphutsi, ndizo zimagaya, ndipo zina mwa zogayidwazo zimabwereranso kwa akuluakulu. Motero chimene yadya imodzi chimayenda mudzi wonse. Nyambo yabwino ndi imene siipha msanga, kuti wonyamula akafike nayo n'kugawa. Ku Kakadu National Park ku Australia anathana nazo motero, ndi timibulu ta chimanga tonyikidwa m'mafuta a soya osakaniza ndi mankhwala otchedwa hydramethylnon. Kwa ine anati ndipeze boric acid, ndisakanize pang'ono zedi m'chiponde, ndiike pamene ana ndi nkhuku sangafike, ndipo ndisapopere kanthu, ndisasese, ndisaphe ngakhale imodzi.

"Mukachulutsa mankhwala zifera panjira kapena zikana. Zimatenga masabata, amalume. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Usiku womwewo mawu ake a piki aja anakwaniritsidwa. Nyerere zinatulukira pa soketi ya pabalaza, zina m'kati mwa wailesi, ndipo m'mawa akazi awo a alandilodi analengeza pampopi, mokweza kuti ndimve ndili m'nyumba, kuti chikhalire pa pulotipo sanaonepo nyerere m'kabati mwawo mpaka anthu ena ophunzira atayamba ukatswiri.

Ndinapanga monga anandiuzira. Chovuta chinali mbale. Ndinafuna yosaya kuti zizikwera mosavuta, ndipo yokhayo imene ndinaiona inali sosala ya m'kabati ya galasi, mwa zija anatipatsa pa ukwati zimene zimatuluka abusa akabwera. Ndinapakapo chiponde, n'kuika pakona ya khonde logumukalo, n'kuvindikira ndi lichero, mwala pamwamba. Zinabwera. Poyamba imodzi, inalawa, n'kuthamanga kubwerera ikukhudzitsa mimba pansi. Kenaka khumi, kenaka mzere wathunthu, a mitu aja akubenthula timibulu, tating'ono tikunyamula. Kwa munthu amene wakhala akupha chilichonse choyenda, kukhala chete n'kumaonerera mdani akudya chiponde chako n'chilango chapadera. Komabe ndinapirira. Ndinayamba kuzolowera. Ndikaweruka kusukulu ndinkafikira pomwepo kukaona ngati chatsala, ndipo ndinayamba kuona ngati mzere ukuonda.

Ndi mmene anandipezera mayi. Kabaza anawatsitsa pageti ndi matumba awo a chimera. Anaona khonde. Anaona lona ali pa chingwe, wouma gwa, njuchi zikumuzungulira. Kenaka anaona mwamuna wawo atanjuta pakona, lichero kudzanja limodzi, supuni kudzanja lina, akuwonjezera chiponde pa sosala ya ukwati, nyerere zili yakaliyakali.

"Bambo, mukuzidyetsa?"

"Mayi, khalani pansi kaye ndikufotokozereni. Izi zili ndi amanthu ambiri. Ku Australia..."

"Shuga ali kuti?"

Sindikumbuka bwino dongosolo la mawu amene ndinayankha. Ndikukumbuka kuti anamvetsera mpaka pa zovala zoanulidwa, n'kulowa m'khitchini osanena kanthu, ndipo ndinamva akukoleza mbaula. Ndinaganiza kuti ndi tiyi. Anatuluka ndi ketulo yowira n'kuikhuthulira pa sosala, pa mzere, ndi pa masabata anga onse a kudekha. Zimene zinafa ndi zonyamula nyambo zija. Amanthu pansi sanamve ndi kutentha komwe.

Shuga wina sanapezeke, ngakhale ndinazungulira magolosale mpaka nsapato kutha. Koma zimenezo zinali za mawa lake. Tsikulo mayi anamanga chitenje n'kuyamba kutulutsa zonse za m'kachipinda kuti akolope: thumba la ufa wa parafini, mapepala a shuga ong'ambika, chitini chopanda kanthu. Atafika pakona pamene panali belo, anasuntha katoni ya mabuku anga akale imene inali kukhoma. Ndinali pakhomo, ndipo ndinadziwa chimene apeze asanachipeze, chifukwa chinandibwerera m'mutu nthawi yomweyo mwana wa mlongo wanga atafunsa funso lija.

Chaka chatha kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga, ndichepetse mchere ndi zamafuta, ndipo kuyambira pamenepo nkhumba inaletsedwa pakhomo pathu. Tsiku limene mayi ananyamuka kupita ku Dedza, ndinadzera pachiwaya. Ndinadyera m'kachipinda, chitseko chotseka, kuopa ana amene sasunga chinsinsi. Wina atagogoda ndinakulunga zotsala m'nyuzipepala n'kuzikankhira kuseri kwa katoni, ndi cholinga chodzamaliza usiku. Ndinaiwala.

Mayi anainyamula nyuzipepala ija ndi zala ziwiri pakona. Pepalalo linali loonekera kuseri chifukwa cha mafuta. M'kati munatsala tifupa toyera, tosalala, topanda ndi kamnofu komwe, ndi nyerere zingapo za mitu zikumalizitsa chikopa.

"Iyi ndi nkhumba, bambo?"

"Inali."

Sanakweze mawu. Anangoti simenti, mchenga ndi mmisiri zichokera pa ndalama yanga ya m'thumba mpaka zitakwana, popeza zaoneka kuti ndimakhala nayo yotsala.

Mmisiri amene anabwera kudzakonza khonde ndi yemwe uja anandibwereka piki, ndipo sanabise kuti ntchito zotere amazikonda. Alandilodi anakhala pampando n'kumayang'anira thumba lililonse likutsekulidwa. Khonde latsopano ndi lokongola kuposa lakale, losalala, lopanda mng'alu. Simenti isanaume bwinobwino, m'mphepete mwake, pamene yakumana ndi khoma, panatuluka kamulu ka dothi lofewa. Ndinaima n'kumakayang'ana. Alandilodi anabwera n'kuima pambali panga, nawonso n'kumakayang'ana.

"Aphunzitsi, piki ija munabweza?"

"Ndinabweza, bambo."

"Ndamuuza mwini wake kuti mukadzapitakonso adzayambe wandiimbira."